Kavalo wachiwanda amene sanaopse aliyense: akonzedwe bwanji?

Funso: Ndakhala ndikuyendetsa masewero a Dungeons & Dragons (masewero a nthano a patebulo, oponya madayisi) kwa anzanga anayi kwa miyezi ingapo. Sabata yatha ndinawatulutsira nightmare, kavalo wachiwanda wa manyenje a moto uja. Ndinkaganiza kuti anjenjemera, koma anamupha m'maraundi atatu, wina n'kufunsa ngati chikopa chake chingagulitsidwe. Ndikufuna kavalo woopsa zenizeni. Ndimuwonjezere HP (manambala a moyo wake), kapena nditani?

Yankho: Za chikopazo zandiseketsa, anzanga, pepani. Nanenso zinandionekerapo. Ndinakonza chilombo sabata yathunthu, ndipo chitangogwa wosewera wina anafunsa ngati mano ake angapangire mkanda. Ndiye musadziimbe mlandu kwambiri. Koma HP musawonjezere kaye.

Tiyambe ndi masamu, kuti muone kuti madayisi sanakulakwireni. Mu Monster Manual (buku la zilombo za m'masewerowa) ya 2014, nightmare ali ndi AC 13 (nambala yoyenera kufikira kuti umulase) ndi HP 68, ndipo amamenya kamodzi kokha pa raundi. Amaponda ndi ziboda pa +6 (yowonjezera pa dayisi pomenya), n'kupweteka 2d8+4 (madayisi awiri a mbali 8, kuwonjezera 4) kuphatikizapo 2d6 ya moto, zomwe pakatikati zimakwana 20. Tiyerekeze kuti ngwazi za anzanu anayiwo, anthu a m'nthano amene iwo akusewera, zili pa levo 3, iliyonse ili ndi +5 pomenya. Kuti alase AC 13 akufunika 8 kapena kuposa pa d20 (dayisi la mbali 20), ndiye kuti pa maulendo 100 alasa 65. Lupanga la 1d8+3 limachotsa 7.5 pakatikati. Mukachulukitsa anthu anayi ndi 0.65 ndi 7.5 mupeza pafupifupi 20 pa raundi. HP 68 ithe m'maraundi anayi, ndipo apa sitinawerengere matsenga kapena luso lapadera la aliyense, zimene zinatsitsa kufika pa atatu anu aja. Raundi imodzi ndi masekondi 6 m'dziko la masewerolo. Kavalo wanu anakhala ndi moyo masekondi 18.

Mukamukweza kufika pa HP 150, chimene mwagula ndi maraundi 7 kapena 8 a zomwezomwezo: iye kumenya kamodzi, iwo kanayi. Anzanu ayamba kuyasamula, wina kusuzumira pa foni.

Komanso bukulo silinamupange kuti aziima pabwalo n'kumalimbana ndi anthu anayi. Taonani mphatso zake. Pa raundi amathamanga mapazi 60 kapena kuuluka mapazi 90, amateteza womukwera kuti moto usamupweteke kwambiri, ndipo atha kulowa ku Ethereal Plane (dziko losaoneka la mizukwa) atatenga ena atatu amene avomera. Zonsezi ndi mphatso za chokwera. Iye ndi galimoto ya mdani wamkulu, ndipo inu munatumiza galimoto kunkhondo mwiniwake atatsala kunyumba.

Chimene chinamupha kwambiri, komabe, n'chakuti anzanu anamuzindikira. Nightmare wakhala m'masewerowa kuyambira mu Monster Manual yoyamba ya 1977, patangopita zaka zitatu Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa masewerowo mu 1974. Mukangoti "kavalo wakuda bii, manyenje akuyaka moto", aliyense amene anatsegulapo bukulo wadziwa kale dzina lake, wadziwa kuti moto sumulowa, wadziwanso kuti ndi wa challenge 3 (muyeso wa kuopsa kwa chilombo). Kuyambira pamenepo sakuopanso, akungowerengera.

Ndipatuke pang'ono pa dzinalo, popeza ambiri amalisokoneza. M'Chingerezi mawu akuti mare amatanthauza kavalo wamkazi ndipo nightmare ndi maloto oopsa, choncho opanga chilombochi ankasewera ndi mawu. Koma mare wa m'maloto oopsawo sanali kavalo ayi. Unali mzimu woipa umene anthu akale a kumpoto kwa Ulaya ankakhulupirira kuti umakhala pachifuwa pa munthu wogona n'kumubanikitsa. Mu 1781 Henry Fuseli anajambula mayi atagona chagada, kachiwanda katamukhalira pathupi, mutu wa kavalo wa maso oyera mbee utasuzumira pakati pa makatani. Kavalo ameneyo sakuyaka, sakuluma munthu, akungoyang'ana. Kwa ine ndi woopsa kuposa wa m'buku.

Ndikafuna kupanga chilombo kuchokera ku nyama, ndimayamba ndaona mmene nyamayo imakhalira ikakhala bwinobwino, kenako ndimapotoza zinthu ziwiri kapena zitatu. Kavalo ndi nyama yodyedwa, ndipo thupi lake lonse ndi lothawira. Maso ali m'mbali mwa mutu, moti amaona pafupifupi mozungulira monse, kupatula patsogolo penipeni pa nkhope ndi kumbuyo kwenikweni kwa mchira. Makutu amatembenuka lililonse palokha kutsata phokoso, ndipo akakwiya amawagoneka kumbuyo. Amapumira m'mphuno mokha, m'kamwa sapumira. Amatha kuwodzera chiimirire chifukwa mfundo za miyendo yake zimadzikhoma. Sakonda kukhala yekha, ndipo tsamba likangoti pakasa amadzidzimuka.

Tsono taganizirani kavalo amene maso ake onse awiri ali kutsogolo, ngati a mkango kapena a munthu. Makutu ake sagwedezeka ngakhale bingu ligunde. Akupumira m'kamwa, lilime lili panja ngati galu. Thupi la makilogalamu 500 ladutsa pamiyala, mgugu osamveka. Simunatchule moto kapena nyanga, koma patebulo pati zii. Muuzeni wosewera amene ngwazi yake ndi mlenje kapena wodziwa ziweto kuti, "Pali chinachake chimene sichili bwino pa kavalo uyu." Aponye dayisi. Akapambana, muuzeni za maso aja, iye yekha, papepala, ndipo mumusiye auze anzake ndi pakamwa pake. Mantha ochokera kwa wosewera mnzawo amawalowa kuposa ochokera kwa inu, chifukwa inu amadziwa kale kuti ntchito yanu ndi kuwaopseza.

Nthano za mitundu yosiyanasiyana zili ndi akavalo oopsa ambiri, ndipo mukaziika pamodzi muona kuti ambiri mwa iwo ali ndi lamulo lowamanga. Ku Scotland kuli kelpie, kavalo wokongola amene amaima m'mbali mwa mtsinje ngati akudikira womukwera. Wokwera amamatirira pamsana, ndipo kavalo amalowa naye m'madzi. Nthano zina zimati msana wake umatalika kuti ana ambiri akwanepo, ndipo amene walanda chingwe cha pakamwa pake amamulamulira. Mnzake each-uisge amakhala m'nyanja. Utha kumukwera bwinobwino kumtunda, koma akangoona kapena kununkhiza madzi, zako zatha, ndipo chimene chimayandama m'mawa ndi chiwindi chokha. Ku zilumba za Orkney kuli nuckelavee, amene Walter Traill Dennison analemba za iye m'zaka za m'ma 1800. Ameneyu alibe chikopa, mitsempha ili poyera, ndipo thupi la munthu linamera pamsana pa kavalo. Mpweya wake umafotetsa mbewu ndi kudwalitsa ziweto, koma sangawoloke madzi oyenda opanda mchere, choncho wothawa amathamangira kumtsinje. Ku Philippines kuli tikbalang, wa mutu wa kavalo, amene amasocheretsa apaulendo kuti azingobwerera pamalo omwewo, ndipo mankhwala ake akuti ndi kuvala malaya chotembenuza. Agiriki anali ndi akavalo a mfumu Diomedes ya ku Thrace, odya nyama ya anthu, amene Heracles anatumidwa kukawagwira.

Akavalo a pa Chivumbulutso 9 aja, a mitu ngati ya mikango, otulutsa moto, utsi ndi sulufule m'kamwa, michira ngati njoka, ndi amene amafanana kwambiri ndi nightmare wa m'buku. Koma kumbukirani kuti gulu la okwera pamenepo ndi 200 miliyoni. Mmodzi yekha atazingidwa ndi anthu anayi a malupanga ndi nyama ya pamsampha basi.

Lamulo limagwira ntchito ziwiri patebulo. Limapatsa osewera chinthu choti afufuze, ndipo limakumasulani inu kupanga chilombo champhamvu kuposa iwo popanda kuwachitira nkhanza, popeza njira yopulumukira ilipo kwa amene watchera khutu. Wosewera amene akuthamangira kumtsinje mgugu uli kumbuyo, akuwerenga mapazi otsala, ndiye amene akuopa.

Ndikupatseni wanga, mumusinthe mmene mungafunire. Dzina lake ndi Chipalamoto. Dzinali lili ndi mbali ziwiri: kupala moto, monga amachitira amene moto wamuzimira, ndi chipala cha wosula zitsulo, kumene nkhani yake inayambira. Nightmare wa m'buku amabweretsa moto. Uyu amadzautenga.

Ndi kavalo wamkulu, wotuwa ngati phulusa, nthiti zoonekera, chishalo chili kumsana koma wokwera palibe. Akamayamba ulendo madzulo manyenje ake amakhala akuda. Moto uliwonse umene wauzimitsa umakasanduka kalawi kamodzi m'manyenjemo, moti wodziwa atha kuwerenga mabanja amene agona ndi chisanu usiku umenewo pongomuyang'ana m'khosi. Pofika m'bandakucha amawala ngati mudzi ukupsa, koma ukamuyandikira mano amagundana ndi kuzizira.

Nkhani ya kumbuyo kwake ndi yaifupi, ndipo izikhala yaifupi. M'mudzi wina wa m'mapiri, usiku wa chisanu, mlendo anagogoda kwa wosula zitsulo atakoka kavalo wopanda nsapato. Anapempha kuti amukhomere nsapato zachitsulo zinayi, koma chotembenuza, kutsogolo kumbuyo. Wosulayo anadabwa, koma malipiro anali aakulu, ndipo anakhoma. M'mawa mlendo kunalibe, kavalo kunalibe, ndipo ng'anjo imene sinazimepo chiyambire nthawi ya agogo ake inali itazizira. Anapopa mvukuto tsiku lonse, osayaka. Mlendoyo anali ndani? Musayankhe. Mudzamufuna kutsogolo.

Lamulo lake loyamba ndi la mtunda. Ali pa mapazi 120, makandulo ndi nyali zimathima. Pa mapazi 60, miyuni. Pa mapazi 30, moto wa pamsasa, ngakhale nkhuni zikhale zambiri bwanji. Akafika pa mapazi 10, moto wotsala ndi wa m'thupi mwa munthu. Ubwino wa lamuloli ndi wakuti osewera amadziwa pamene iye ali asanamuone. Ine ndimayika timiyala tinayi tofiira pakati pa tebulo, n'kumachotsa kamodzikamodzi osanena kanthu. Usiku woyamba amangoseka. Pofika usiku wachitatu ndikangotambasula dzanja kulunjika kumwala, nkhani zonse zimaleka. Kuwala kwa matsenga kumene si moto, monga kwa matsenga otchedwa Light, kusiyeni kuziyaka. Wosewera amene watulukira zimenezi wagwira ntchito, alandire malipiro ake.

Lamulo lachiwiri ndi limene ndimalikonda, ndipo ndi limene limachititsa kuti chilombochi chikhaledi kavalo, osati mkango kapena njoka yovala ziboda. Moto wa m'nyumba yotseka sangaukhudze, ndipo pakhomo sangalowe, pokhapokha atanyamulapo pamsana pake munthu amene analandiridwa m'nyumbamo. N'chifukwa chake amayenda ndi chishalo. Amafunafuna munthu amene zamuthina: wovulala, wothamangitsidwa, mayi amene mwana wake wadwala dokotala ali kutali. Akamupeza samuukira. Amapinda miyendo yakutsogolo, n'kugwada, n'kudikira. Wokwerayo amamufikitsadi kumene akufuna, mofulumira kuposa kavalo wina aliyense, osamupweteka ngakhale pang'ono. Koma kuyambira usiku umenewo khomo lililonse limene munthuyo analandiridwapo lamutsegukira Chipalamoto: kwa mayi ake, kwa mphunzitsi wake, kunyumba ya alendo kumene ngwazi zanu zimagona, ngakhale kukachisi.

Mwaona chimene chachitika apa? Chilombo cha m'buku chimaopseza HP ya ngwazi, imene imabwerera ikagona usiku umodzi. Ichi chikuopseza anthu amene osewera anu akhala akuwakonda kwa miyezi. Ndipo sichiwakakamiza. Chimangogwada. Walira mvula walira matope.

Lamulo lachitatu ndi njira yomuphera. Dzuwa lisanatuluke ayenera kukhala atabwerera kuchipala chija. Mukamupha kwina kulikonse amangogwa phulusa, mawa madzulo wadzukanso. Amafa zenizeni pokhapokha m'kuwala kwa ng'anjo yoyambayo, ndipo ng'anjoyo siyaka ndi moto wina uliwonse koma umene watengedwa m'manyenje mwake. Ndiye kuti wina mwa ngwazi zanu ayenera kumuyandikira kufika pogwirana naye, atanyamula chikuni kapena mphika wa makala, n'kupala moto kwa Chipalamoto mwiniwake. Moto umenewo iye sangauzimitsenso. Kenako ndi liwiro lopita kuchipala, kavalo ali pambuyo.

Nanga chipalacho achipeza bwanji? Apa m'pamene nsapato zotembenuza zija zimagwira ntchito. Mapazi ake onse amanama. Amene akuganiza kuti akulondola kumene wapita akulowera kumene wachokera, ndipo amene akuganiza kuti akumuthawa akumutsatira. Mlenje wanu akayang'anitsitsa aone kuti dothi laponyedwa mbali yolakwika, kapena kuti udzu wagonera kosemphana ndi chizindikiro cha chiboda. Pa lamulo lililonse konzani njira zosachepera zitatu zolidziwira, chifukwa osewera amaphonya yoyamba ndipo amamva molakwika yachiwiri. Lamulo la khomo, mwachitsanzo, lingatuluke kwa nkhalamba imene ikukana kuwatsegulira mpaka atalumbira kuti sanakwerepo, lingatuluke m'nyimbo imene ana akuimba posewera, lingatulukenso poona kuti m'mudzi wonse nyumba zozizira ndi za abale a munthu mmodzi yekha.

Musamuonetse msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku loyamba la masewero asaoneke n'komwe. Ngwazi zifike m'mudzi m'mawa, denga lililonse lopanda utsi. Anthu adzifunditsa mabulangete masana, akudya zosaphika, ndipo palibe amene akufuna kuyankha mafunso. Akavalo a ngwazizo akukana kulowa m'mudzimo, akutuluka thukuta, wina wadula chingwe. Mapazi a ziboda akuoneka ngati atuluka m'mudzi kulowera kuthengo, ndipo aliyense akupuma kuti chapita.

Tsiku lachiwiri agone panja. Nyali ithime, kenako miyuni, kenako moto waukulu. Amuone m'mphepete mwa mdima, timalawi titatu kapena tinayi tikuphethira m'khosi. Ayende pang'onopang'ono kulunjika kwa ngwazi imene ili ndi HP yochepa kwambiri, agwade. Inu mukhale chete. Musafotokoze, musafunse kuti "muchita chiyani?" Werengani mpaka khumi mumtima. Akamuukira, adzuke, awadutse pakati kamodzi ndi mphamvu zake zonse, azipita. Nkhondo yonseyo ikhale ya raundi imodzi kapena ziwiri. Akhale ndi mabala koma opanda yankho.

Kuyambira tsiku lachitatu ndi iwo amene azisankha chochita, ndipo inu muzingotsatira.

Tsopano manambala, popeza mudzawafunabe. Awa ndi a ngwazi zinayi za pa levo 5. Mupatseni AC 15, HP 120 ndi liwiro la mapazi 60, pamene ngwazi zambiri zimayenda 30. Azimenya kawiri pa raundi: ziboda pa +7, zopweteka 2d8+4 ndi 2d6 ya kuzizira, ndi mano pa +7, opweteka 2d6+4. Zonse ziwiri zikalasa ndi 31 pakatikati. Wamatsenga wa pa levo 5 wokhala ndi Constitution (kulimba kwa thupi) ya +2 amakhala ndi HP 32. Kudutsa kumodzi kokha kumusiye ndi kamoyo kamodzi, ndipo tebulo lonse liona. Akamadutsa pakati pa adani asamalandire chimenyo chimene malamulo amapereka kwa wochoka pafupi ndi mdani, apo ayi kuthamanga kwake kusanduka chilango. Mupatseninso mwayi wosuntha theka la liwiro lake kamodzi pa raundi, wosewera wina akangomaliza nthawi yake, monga zimachitira zilombo za legendary action (zochita zinthu nthawi yawo isanakwane). Zimenezi zimachepetsa vuto la mmodzi kulimbana ndi anayi lija.

Aliyense woyamba nthawi yake ali mkati mwa mapazi 10 aponye Constitution pa DC 13 (nambala yoyenera kufikira kuti apambane). Wa +2 akufunika 11, ndiye kuti alephera theka la maulendo. Wolephera alandire gawo limodzi la exhaustion (kutopa), koma zisapitirire magawo awiri. M'malamulo a 2014 gawo lachiwiri limadula liwiro pakati, ndipo palibe choopsa kuposa kuyenda mapazi 15 kavalo wa mapazi 60 ali kumbuyo. Mukalola kuti zifike pa gawo lachitatu, kumene kumenya ndi kudziteteza komwe kumavuta, ngwazi zimangogwa popanda chochita, ndipo osewera amakwiya m'malo moopa. Kutopaku kuzichoka munthu akaotha moto kwa ola limodzi. Motowo aupeze kuti, ndi nkhani yawo.

Moto wa adani uzimuchiritsa. Wamatsenga wa pa levo 5 wangophunzira kumene Fireball, matsenga oponya moto, ndipo dzanja likumuyabwa. Akaiponya, 8d6 yonseyo, pafupifupi 28, ilowe m'manyenje, kavalo awale ndi kunenepa pamaso pawo. Ndi mphindi yokoma kwa woyendetsa masewero, koma ikhale itachenjezedwa. Ngati aona miyuni ikuthima n'kukayaka m'khosi mwake, ndiye kuti mwachenjeza mokwanira.

Kuuluka ndinamuchotsera dala. Chilombo chouluka chimasiya wa lupanga atangoima ngati chitsa pamene wa uta akugwira ntchito yekha. Ndiponso chikauluka, mapazi onama aja, milatho, zigwa ndi njira zopapatiza zonse zimakhala zopanda ntchito. Ine ndimafuna kuti mtunda ndi malo zikhale mbali ya nkhondo.

Mukawerengera muona kuti akaima malo amodzi, ngwazi zinayi za pa levo 5 zimachotsa pafupifupi 45 pa raundi, ndipo HP 120 itha m'maraundi atatu, ngati mnzake uja. N'zoona. N'chifukwa chake panja saima: amadutsa, amalowa mumdima, amabwera mbali ina. Malo okhawo amene amakakamizika kuima ndi m'chipala, ng'anjo itayaka, dzuwa lili pafupi kutuluka, makoma atamuzinga. Pamenepo maraundi atatu kapena anayi ndi okwanira, chifukwa anzanu afika pamenepo atakhetsa thukuta la masabata, ndipo kumupha msanga kudzakhala mphotho yawo.

Pali zinthu zingapo zoti mupewe. Musamuyankhulitse. Ngakhale wa m'buku amamva zinenero zitatu koma sayankhula, ndipo pamenepo bukulo linachita bwino. Chilombo chikayamba kulankhula osewera amayamba kukambirana nacho mitengo. Musalande ngwazi m'manja mwa mwiniwake pomuuza kuti "wakopeka, wakwera". Kumatirira kwa kelpie kumakoma m'nthano, koma patebulo wosewera amene walandidwa chisankho amangopinda manja n'kudikira kuti zithe. Mphamvu yonse ya Chipalamoto ili pakuti wokwera anasankha yekha. Ndipo musanayambe, afunseni anzanu ngati pali zimene safuna kumva. Ena sapirira nkhani za ana ovutika kapena za ziweto zozunzidwa, ndipo kuli bwino kudziwa pasadakhale kusiyana n'kuona munthu akusintha nkhope masewero ali mkati. Mudzi wozizira umaopsa ndithu popanda mwana kufa.

Yembekezeraninso kuti wina adzafuna kumuweta. Nthawi zonse amakhalapo. Musakane msanga. Bwerekani ku nthano za kelpie: pakhale chingwe cha pakamwa, chosulidwa pa ng'anjo yomweyo, chimene chingamumange kuti azimvera. Koma lamulo loyamba lisachoke. Mwini kavalo ameneyu sadzaothanso moto, sadzadyanso chophika chotentha pafupi ndi chiweto chake, ndipo mudzi uliwonse umene walowamo uzimutsekera zitseko. Ena adzavomerabe, ndipo nkhani yanu idzakhala italowera kumene simunaganizire.

Patebulo langa amene anakwera sanali wadyera. Anali wosewera wofatsa kuposa onse, amene ngwazi yake inali wansembe. Mnzawo wa lupanga anali atalumidwa ndi chinthu chaululu, mankhwala ali ulendo wa masiku awiri, nthawi yotsala ili usiku umodzi. Lamulo la khomo anali atalimva kale kwa nkhalamba ija. Kavalo atagwada, wosewerayo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndikwera." Anakatenga mankhwala, mnzake anachira, ndipo kwa masewero awiri otsatira sindinatchulepo za kavalo. Pa lachitatu anabwerera kunyumba ya alendo imene akhala akugonamo chiyambire levo 1, ya mayi wina amene ankawasungira chipinda chapamwamba ndi kuwakongoza akasowa ndalama. Ndinangowauza kuti pa chumuni sipakutuluka utsi, ndipo chitseko chili chotsegula.